Dzina Litsogola, Mpeni Utsatira: Zitsamba ndi Nthambi Zodula m'Chilatini

Pakati pa udzu ndi mtengo waukulu pali zomera zimene anthu ambiri sazilemekeza. Sizitalika mokwanira kuti munthu apumule pamthunzi pake kapena achekepo matabwa, komanso sizifewa ngati msipu kuti ng'ombe zidye n'kumaliza. Mlimi amalimbana nazo poswa mphanje, mlenje zimamukola miyendo, mayi amathyolako tinkhuni toyatsira moto. Chichewa chimazitcha zitsamba, ndipo zikawirira n'kulukanalukana chimati tchire, thengo kapena chiyangoyango. Aroma akale, amene chilankhulo chawo chinakulira m'munda chisanalowe m'bwalo la milandu, anali ndi mawu ochuluka zedi onena za zomera zapakatizi: frutex, dumus, vepres, sentis, rubus, virgultum, stolo, talea, surculus, malleolus, propago. Wophunzira Chilatini akawapeza m'dikishonale amaona kuti ambiri amamasuliridwa mofanana, ndipo amangowalambalala. Komatu mawuwa akaikidwa pamodzi amadzutsa funso limene mpaka lero silinathe. Kodi munthu amadziwa bwanji chimene chiyenera kudulidwa kuti chitayidwe, ndi chimene chiyenera kudulidwa kuti chikakhale ndi moyo kwina? Nanga ufulu wogamula mlandu umenewu ndi wa yani?

Choyamba kuzindikira n'chakuti mawu amenewa sagawa zomera monga momwe wasayansi angazigawire. Mgiriki Theophrastus, wophunzira wa Aristotle amene anamwalira cha m'ma 287 BC, ndiye anayesa kuika zomera zonse m'magulu anayi: mitengo, zitsamba, tizitsamba ndi zomera zofewa. Mtengo anati ndi wa thunthu limodzi, pomwe chitsamba chili ndi nthambi zambiri zochokera pansi. Koma iye yemwe anachenjeza kuti malire amenewa ndi oterera, popeza mchisu ukapanda kusadzidwa umasanduka chitsamba, ndipo zomera zina zazifupi zikasamalidwa zimatalika ngati mitengo. Alimi a ku Italy sanadzivutitse ndi magulu otere. Mawu awo ankayankha funso lina, lakuti dzanja la munthu lichite chiyani ndi chomera chimene chili patsogolo pake. Motero pali mawu a zimene zimatseka njira, mawu a zimene zimadulidwa n'kuponyedwa pamoto, ndiponso mawu a zimene zimadulidwa n'kukwiriridwa m'nthaka yatsopano. Mphukira imodzi yomweyo ikhoza kugwera m'gulu lililonse mwa atatuwa. Chimene chimasintha ndi maso a munthu amene waima pafupi nayo mpeni uli m'manja.

Manda a m'chiyangoyango

Dumus ndi chitsamba chaminga, ndipo malo amene zitsamba zotere zawirira amatchedwa dumetum. Vepres ndi sentis ndi minga yoyanga imene imakola zovala, pomwe rubus ndi chitsamba chaminga chobala tizipatso takuda. Nkhani yodziwika kwambiri imene mawuwa akupezekamo ndi ya Cicero. M'chaka cha 75 BC, ali ndi zaka 31, iye anatumizidwa ku Sicily ngati msungichuma wa boma la Roma. Ali kumeneko anafuna kuona manda a Archimedes, katswiri wa masamu amene anaphedwa ndi msilikali wachiroma pamene mzinda wa Syracuse unagonjetsedwa mu 212 BC. Eni mzindawo anamuuza kuti manda oterowo kulibe. Cicero ankadziwa kuti pamandapo panali chizindikiro cha mpira ndi mgolo, chokumbutsa zimene Archimedes anatulukira za kukula kwa zinthu ziwirizi. Atayang'anayang'ana pakati pa manda ambiri pafupi ndi chipata china cha mzindawo, anaona kachipilala kakusuzumira pamwamba pa minga. Anaitanitsa anthu a zikwakwa kuti alambule, ndipo malemba a pamwalawo anaoneka, ngakhale theka lake linali litafufutika kale. Posimba nkhaniyi patapita zaka 30, m'buku la Tusculanae Disputationes, mawu amene anasankha ponena za zimene zinakuta mandawo ndi vepres ndi dumeta.

Nkhaniyi imakoma m'makutu a aliyense wokonda maphunziro, chifukwa imaika wophunzira pamalo a ngwazi. Cicero mwiniwake ananyadira kuti mzinda waukulu wa Agiriki sukanadziwa manda a mwana wake wanzeru koposa ukanapanda kuuzidwa ndi munthu wa ku Arpinum. M'maganizo otere chiyangoyango chimaimira kuiwala, ulesi ndi umbuli, ndipo chikwakwa chimaimira nzeru. M'buku lina la chaka chomwecho, Academica, anagwiritsanso ntchito mawu akuti dumeta pofanizira mfundo zopotanapotana za gulu la Asitoiki, zimene munthu akalowamo amalephera kutuluka. Ngakhale frutex, mawu wamba otanthauza chitsamba, ankasanduka chitonzo. M'sewero la Plautus lotchedwa Mostellaria, kapolo wa m'tauni amatcha mnzake wa kumunda kuti frutex, kutanthauza chitsiru chosadziwa kanthu. Chichewa nacho sichingadzichotse pamlanduwu. Munthu wosadziwa mwambo amanenedwa kuti ndi wakutchire, ndipo mwana wobadwa makolo ake asanalowe m'banja amapatsidwa dzina lowawa la mwana wapathengo, ngati kuti anangomera yekha popanda womubzala.

Koma mlandu wa manda a Archimedes ukaunikidwa bwino, minga ilibe chifukwa. Minga sinaiwale munthu aliyense. Inamera pamalo pamene mapazi a anthu anasiya kupondapo kwa zaka 137, ndipo inali mboni chabe ya kusiyidwako. Palinso chinthu chimene Cicero sanachikokomeze posimba nkhani yake. Mzinda umene anaudzudzula chifukwa cha kuiwala unali mzinda wogonjetsedwa, umene chuma chake ndi zosemasema zake Marcellus anazitutira ku Roma. Mlendo amene anabwera ndi chikwakwa kudzavundukula manda anali wa mtundu womwewo umene unabwera ndi lupanga kudzapha mwini manda. Izi sizichotsa ubwino wa zimene anachita, popeza mandawo anaonekadi. Zikungosonyeza kuti amene amatcha malo a mnzake kuti chiyangoyango nthawi zambiri safunsa chimene chinathamangitsa wolambula woyamba.

Chiyangoyango chilinso ndi nkhope ina imene mlimi wofulumira saiona. Jerome, pomasulira Baibulo m'Chilatini kumapeto kwa zaka za m'ma 300 AD, anagwiritsa ntchito mawu onyozeka omwewa pamalo aulemu. Chitsamba choyaka moto chimene Mose anamvako mawu a Mulungu anachitcha rubus, ndipo nkhosa imene inalowa m'malo mwa Isake inakodwa m'zimene iye anazitcha vepres. Akatswiri a zachilengedwe amadziwanso kuti kumalo odyetsako ziweto mitengo ikuluikulu imayamba moyo wake m'kati mwa zitsamba zaminga, chifukwa m'menemo ndi momwe mbuzi ndi ng'ombe sizifika kuti zidye nsonga zanthete. Pamene akatswiri a zomera, potsatira njira imene Linnaeus anakhazikitsa mu 1753, ankapereka mayina a Chilatini, chilazi china cha mu Africa anachitcha Dioscorea dumetorum, ndiko kuti cha m'ziyangoyango. Chakutchirecho ndi chakupha chikadyedwa chosakonzedwa, koma chikaviikidwa m'madzi nthawi yokwanira chapulumutsapo anthu m'zaka za njala. Ku Niger, kuyambira mu 1983, Tony Rinaudo ndi alimi a chigawo cha Maradi anazindikira kuti tizitsamba timene ankatisenga chaka ndi chaka pokonza minda tinali mphukira za zitsa za mitengo yakale imene mizu yake inali yamoyo. Atasankha mphukira zochepa pachitsa chilichonse n'kusadza zinazo, mitengo inabwerera pamahekitala mamiliyoni angapo. Chimene anthu ankachitcha chitsamba chinali mtengo wokanizidwa kukula.

Munthu wotchedwa Mphukira

Gulu lachiwiri ndi la zimene mlimi amadula mwadala kuti azitaye. Sarmentum ndi nthambi za mpesa zosadzidwa, zimene zimamangidwa mitolo n'kukhala nkhuni. Stolo ndi mphukira yotuluka ku mizu kapena patsinde, imene imayamwa chakudya cha mtengo koma osabala chipatso. Mawu amenewa anasanduka dzina la banja. Varro, m'buku lake la zaulimi la mu 37 BC, akufotokoza kuti Licinius Stolo analikwaniritsa dzinalo chifukwa cha khama lake, popeza ankakumba mozungulira mitengo yake n'kuchotsa mphukira iliyonse, mwakuti m'munda mwake simunkapezeka stolo ndi imodzi yomwe. Mmodzi wa makolo ake akale, wa dzina lomwelo, ndi amene amatchulidwa kuti anatsogolera lamulo la mu 367 BC loletsa Mroma aliyense kukhala ndi malo a boma opitirira maiugera 500, omwe ndi mahekitala pafupifupi 125. Lamuloli linali ngati kusadza komweko, koma m'munda wa dziko, kuti olemera asayamwe nthaka yonse osauka n'kufota.

Mathero a nkhaniyi akupezeka kwa wolemba mbiri Livy. Iye akusimba kuti mu 357 BC Licinius Stolo analipitsidwa chindapusa pansi pa lamulo lake lomwe, chifukwa iye ndi mwana wake anali ndi maiugera 1,000. Njira imene anatsata inali yochenjera. Anamasula mwanayo ku ulamuliro wa bambo monga mwa lamulo, kuti pamaso pa boma aoneke ngati mabanja awiri, lililonse ndi gawo lake lololedwa. Pamaso pa lamulo nthambi inadulidwa, koma pansi pa nthaka inkayamwabe muzu womwewo. Wofuna kuchotsa mphukira m'munda wa dziko analephera kuona imene inamera pakhomo pake. Apa pakuoneka vuto loyamba la aliyense wogwira mpeni. Dzina lakuti stolo limapatsidwa mosavuta kwa mphukira ya mnzako, pomwe yako umaitcha mbewu ya mawa.

N'chifukwa chake mbiri ya mawu akuti putare ndi yofunika kuilingalira. Tanthauzo lake la m'munda ndi kusadza, kuyeretsa mpesa pochotsa zosafunika. Kuchokera pamenepo mawuwa anayamba kunena za kuwongola mawerengero a ndalama, ndipo potsiriza anafika potanthauza kuganiza. Amputare, kudula chiwalo, anachokera pomwepa, chimodzimodzinso computare, kuwerengetsa, kholo la mawu akuti kompyuta. Kwa Mroma kuganiza kunali pachibale ndi kusadza, chifukwa woganiza amasiya mfundo zambiri zotheka kuti imodzi ikule. Fanizoli lili ndi choonadi chake, popeza mutu wosunga chilichonse sufika pachigamulo. Lilinso ndi chenjezo, chifukwa ngati kuganiza kuli kudula, ganizo lolakwa silithera m'mutu. Limasiya chilonda pa chinthu chamoyo, ndipo nthambi yodulidwa molakwa sibwezeredwa pamalo pake ndi kupepesa.

Chilonda chopatsa moyo

Gulu lachitatu ndilo lolemera kwambiri, chifukwa Aroma ankachulukitsa mipesa, azitona ndi mikuyu yawo podula nthambi, monga momwe mlimi wa ku Nkhata Bay amachulukitsira chinangwa. Talea ndi chidutswa cha nthambi chodulidwa mbali zonse ziwiri. Cato, m'buku lake la De Agri Cultura la cha m'ma 160 BC, lomwe ndi buku lakale koposa la Chilatini losakhala ndakatulo limene lafika lathunthu, akulangiza kuti chidutswa cha azitona chobzala m'dzenje chikhale cha mapazi atatu, pafupifupi masentimita 90, pomwe cha kunazale chikhale cha phazi limodzi. Akutsindikanso kuti wodulayo asamale kuti khungwa lisavulale. Mawu akuti talea anabala mneni wotanthauza kudula, amene anadutsa m'Chifalansa ndi m'Chingerezi mpaka kufika pakhonde la sitolo pamene telala amakhala ndi makina ake. Planta poyamba sankatanthauza chomera chilichonse ayi, koma kanthambi kobzala, ndipo mawu omwewo ankatanthauzanso kuphazi. Atafika kwa anthu a ku Wales anasanduka plant, kutanthauza ana, ndipo ku Ireland anasanduka cland, kutanthauza mbumba. Stirps, lomwe ndi tsinde pamodzi ndi mizu yake, ankatanthauzanso mtundu wa munthu. Aroma ndi amene anabwereka mawu awo ankaona mwana ngati nthambi yochotsedwa kwa kholo kuti ikaime payokha.

Funso lovuta ndi lakuti nthambi yochokayo itenge zochuluka bwanji za kwawo. Malleolus amatanthauza kanyundo. Alimi ankadula mphukira ya mpesa ya chaka chimenecho pamodzi ndi kachidutswa ka nthambi yakale kopingasa kumunsi kwake, ndipo zonse pamodzi zinkaoneka ngati kanyundo. Munthu wokonda miyambo angakondwere ndi fanizoli, n'kunena kuti chatsopano sichimera popanda kunyamula chakale. Koma Columella, mlimi wa ku Gades amene analemba mabuku 12 a zaulimi m'zaka 100 zoyambirira za AD, akunena zina. Iye akuti akale ankabzaladi motero, koma zimene alimi anaona m'minda zinatsutsa njirayo, chifukwa mtengo wakale wokwiriridwawo unkawola ndi chinyezi n'kupha timizu tanthete timene tinali titangoyamba kutuluka. Alimi a pambuyo pake anayamba kuchotsa mtengo wakalewo, n'kusunga mfundo yokha pamene mphukira inalumikizana ndi mayi wake. Dzina la kanyundo linatsala ngakhale maonekedwe a nyundo anachoka. Phunziro lake ndi lakuya kuposa kungotamanda zakale kapena kuzitaya. Chofunika kusunga ndi mfundo yamoyo yolumikizira, ndipo si zonse zimene zakalamba zili mfundo imeneyo. Zina ndi nkhuni zimene zikanyamulidwa mwaulemu n'kukwiriridwa pamodzi ndi mwana zimamuwoletsa.

Njira yofatsa kuposa zonse inali propago. Apa mpeni subwera poyamba. Mlimi amaweramitsa nthambi ikadali pamtengo, amaikwirira pakati n'kusiya nsonga ili kunja, ndipo nthambiyo imayamwabe kwa mayi wake pamene ikutulutsa mizu yakeyake. Cato akuti pakapita zaka ziwiri mpamene imakumbidwa n'kukawokedwa. Akufotokozanso za kulowetsa nthambi mumphika woboola kapena m'dengu lodzaza dothi ili pamwamba pomwepo, kuti idzadulidwe mizu itagwira kale. Malo olereramo timitengo tonseti tisanapite kumunda ankatchedwa seminarium, ndiye kuti nazale. Cicero, m'buku la De Officiis, anayerekeza banja ndi nazale ya dziko. Mu 1563 msonkhano wa Akatolika wa ku Trent unalamula kuti pakhale nyumba zophunzitsiramo ofuna unsembe, ndipo unazipatsa dzina lomweli, limene Chichewa chinalilandira kuti seminale.

Mawu akuti propago anayenda ulendo wowawa kwambiri. Mu 1622 Papa Gregory XV anakhazikitsa bungwe loyang'anira kufalitsa chikhulupiriro, Congregatio de Propaganda Fide, ndipo mishoni za Akatolika zimene zinakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902 zinali m'dera la ulamuliro wake. Dzinalo linali la m'munda, lonena za kuchulukitsa mpesa. Koma pofika nthawi ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi pambuyo pake, mawu akuti propaganda anali atayamba kutanthauza mabodza okonzedwa ndi boma kapena chipani kuti anthu aganize mofanana, ndipo mu 1967 bungwe lija linasinthidwa dzina. Kusintha kwa tanthauzoku kukuvumbula chinthu chimene chinabisala m'fanizolo kuyambira pachiyambi. Nthambi yoweramitsidwa ikamera imakhala chimodzimodzi ndi mayi wake, siiwonjezera kanthu ndipo siitsutsa kanthu. Kwa mwini munda wa mpesa umenewu ndi ubwino, chifukwa amafuna mphesa za kukoma kumodzi. Kwa mphunzitsi, mbusa kapena wolamulira, chilakolako chofuna kudziona yekha m'mitu ya anthu chikwi ndi chiyeso chachikulu.

Sayansi ya masiku ano yatsimikiza kuopsa kwake m'munda momwemo. Mu 1903 Herbert Webber anatenga mawu a Chigiriki otanthauza kanthambi n'kupanga mawu akuti clone, onena za zomera zonse zochokera ku kholo limodzi popanda njere. Zomera zotere zimatengera zabwino zonse za kholo, ndipo zimatengeranso matenda ake ndi kufooka kwake. Matenda okwinyitsa masamba a chinangwa amayenda ndi mitengo ya mbewu imene alimi amagawana mwachikondi, ndipo chisaka chimene chinawononga nthochi m'Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chinafalikira kudzera mu nsabwe za zomera komanso mphukira zopatsana. Ku Ulaya, kuyambira m'zaka za m'ma 1860, kachilombo ka phylloxera kanapha minda ya mpesa yosawerengeka podya mizu. Chipulumutso chinabwera mwa luso limene Aroma ankalitcha inserere, kumezanitsa, kumene alimi a kuno amati kukwatitsa mitengo. Nthambi za mipesa yakale ya ku Ulaya zinaikidwa pa mizu ya mipesa ya ku America, imene kale inkanyozedwa chifukwa cha vinyo wake. Mbewu yolemekezeka inakhala ndi moyo chifukwa cha muzu wa kutchire.

Kodi mpeni uikidwe pansi?

Munthu ataona zonsezi akhoza kunena kuti njira yolungama ndi kusiya chilichonse chikule monga chifunira. Maganizo amenewa ndi okopa, koma salimba. Mpesa wosasadzidwa umayanga n'kudzitsamwitsa, ndipo zipatso zake zimachepa. Chinangwa cha m'minda chafika mibadwo yonseyi kuchokera ku South America chifukwa chakuti chaka ndi chaka wina ankadula mitengo yake n'kuibzala. Alimi a ku Maradi aja sanapulumutse mitengo posiya zitsamba zonse, koma posankha ndi kusadza. Mwana wosadzudzulidwa, chilankhulo chosaphunzitsidwa, dziko lopanda malamulo oletsa adyera, zonsezi sizikhala paufulu nthawi yaitali, chifukwa wamphamvu amayanga pamwamba pa wofooka n'kumutchingira dzuwa. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo mwambiwu umavomereza kuti dzanja liyenera kukhudza. Kukana kudula nakonso ndi chigamulo, ndipo kumakhala ndi ovulala ake.

Ngati mpeni sungapewedwe, chotsala ndi kufunsa momwe ungagwiridwire popanda kuchimwa, ndipo mawu a alimi achiroma akupereka miyeso ingapo. Woyamba ndi wa nthawi. Propago imadulidwa mizu itagwira, osati isanagwire. Mwana wochotsedwa m'chilankhulo cha amake tsiku loyamba la sukulu, asanakhale ndi mizu m'chilankhulo china, amafanana ndi talea yozikidwa panthaka youma, ndipo akafota mlandu umaikidwa pa iye. Wachiwiri ndi wa khungwa, umene Cato anautsindika. Ngakhale kudula koyenera kukhoza kuchitika mwankhanza, ndipo chilonda chophwanyika sichipola monga chodulidwa bwino. Wachitatu ndi wa kudziwa malire. Seneca, m'kalata ina kwa Lucilius, akuyankha pempho lakuti awongole munthu wokhwima m'zoipa ponena kuti si mpesa uliwonse umene umalandira kumezanitsidwa, chifukwa wokalamba ndi wobooka kapena wofooka sugwira nthambi yatsopano. Wachinayi ndi umene Licinius Stolo anaulephera, wakuti muyeso umene munthu amayesera munda wa mnzake auyeserenso wake.

Pali malo amodzi pamene fanizo lonseli limathera, ndipo malowo ndi ofunika kuposa fanizolo. Chitsamba sichilankhula. Mlimi akachitcha dumus kapena planta, dzinalo limakhala lomwelo, ndipo palibe womutsutsa kupatula zokolola za chaka chamawa. Munthu ali ndi pakamwa. M'sewero la Plautus lija, kapolo wa kumunda amene watchedwa frutex sakhala chete, koma amabwezera mawu, amadzudzula mnzakeyo chifukwa chosakaza chuma cha mbuye wawo, ndipo amamuchenjeza za tsiku limene mbuyeyo adzabwerere. Omvera amazindikira kuti wonyozedwayo akunena zoona. Choipa chachikulu cha amene amagwiritsa ntchito mawu a m'munda ponena za anthu n'chakuti amatenga ufulu wa mlimi pa chomera n'kuuika pa munthu mnzawo. Amene afuna kuchotsa anthu pamalo amayamba ndi kunena kuti malowo ndi tchire, ndipo amene afuna kufafaniza fuko amayamba ndi kulitcha namsongole. Mneni wa Chilatini exstirpare, kuzula pamodzi ndi tsinde, wakhala akugwiritsidwa ntchito ponena za minga komanso za anthu. Dzina likalandiridwa popanda kufunsa mwini wake, ogwira zikwakwa sasowa.

Choncho ntchito yoyamba ya chikumbumtima imachitika mpeni usanatuluke, pa nthawi yopereka dzina. Woyenera kudula ndi amene wayamba wafunsa chifukwa chake chinthucho chinamera pamenepo, chimene chikubisala pansi pake, ndi amene adzadye zipatso za kudulako. Ngati chodulidwacho chili ndi pakamwa, ayenera kumva dzina limene chimadzitcha chokha. Mu 44 BC, chaka chimodzi asanaphedwe, Cicero analemba kabuku konena za ukalamba, n'kuika mawu ake m'kamwa mwa Cato wokalamba. M'menemo Cato akutchula mokondwera njira zochulukitsira mpesa, malleolus, planta ndi propago, ndipo akutamanda alimi okalamba amene amabzala mitengo akudziwa kuti zipatso zake sadzazilawa. Muyeso umenewu ndi wovuta kuunamiza. Wodula kuti akuze munda wake amafuna kuona phindu iye akadali moyo, ndipo amakwiya nthambi ikamera mosiyana ndi chifuniro chake. Wodula chifukwa cha moyo wa nthambiyo amavomereza kuti idzazika mizu m'nthaka imene iye saidziwa, idzapindika ndi mphepo za kumeneko, ndipo amene adzakhale pamthunzi pake mwina sadzamva n'komwe dzina la amene anaiwoka.